Matenda a prion ndi nyama imene timadya: mafunso ndi mayankho kwa alimi, opha nyama ndi mabanja a ku Thyolo

Tsambali talembera alimi a ng'ombe zamkaka a ku Bvumbwe, Goliati ndi madera ena a boma lino, anthu opha ndi kugulitsa nyama m'misika, achiwaya, ndi aliyense wokonda mutu wa mbuzi. Tinene poyambirira penipeni kuti ku Malawi kuno sikunalengezedwepo ng'ombe yodwala matenda a misala ya ng'ombe otchedwa BSE. Komabe njira imene matendawa anadzera kumayiko ena ndi yotseguka kulikonse kumene anthu amagula chakudya cha ziweto cha m'matumba ndi kudya nyama ya chiweto chimene chinali kudwala.

Kodi prion ndi kachilombo kotani?

Si kachilombo ayi. Si bakiteriya, si vairasi, si nyongolotsi. Ndi puloteni ya thupi lomwelo imene yapindika molakwika. Munthu aliyense, ng'ombe iliyonse ndi mbuzi iliyonse ili ndi puloteni yotchedwa PrP, ndipo yambiri imakhala mu ubongo ndi m'mitsempha. Ikakhala m'maonekedwe ake abwino siyivuta. Ikapindika molakwika imalimba, thupi limalephera kuyiphwanya, ndipo ikagundana ndi inzake yabwino imayipinda kuti ifanane nayo. Ziwirizo zimakapinda zina. Paja amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Kusiyana kwake n'kwakuti izi zimatenga zaka, mpaka maselo a ubongo ayamba kufa n'kusiya timabowo tambirimbiri tooneka ngati siponji pa makina oonera tinthu tating'ono.

Popeza puloteniyo ndi ya thupi lomwelo, chitetezo cha m'thupi sichiyiona ngati mdani. Wodwala satentha thupi. Mankhwala opha mabakiteriya sagwira ntchito, katemera palibe, ndipo mpaka lero palibe munthu kapena chiweto chimene chinachira zizindikiro zitayamba. Dzina loti prion analipereka ndi Stanley Prusiner wa ku America mu 1982, ndipo mu 1997 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi.

Matenda ake ndi ati?

Mwa nkhosa ndi mbuzi muli scrapie, amene alimi a ku Britain ankawadziwa kale m'zaka za m'ma 1700. Mwa ng'ombe muli BSE. Mwa nyama za mtundu wa agwape a ku North America muli CWD, amene anaonedwa koyamba ku Colorado mu 1967 ndipo anapezekanso ku Norway mu 2016. Mu 2018 akatswiri analengeza za matenda a mtundu womwewu mwa ngamila za ku Algeria, zimene zikusonyeza kuti Africa si malo opatulika pa nkhaniyi.

Mwa anthu, ofala kwambiri ndi CJD, otchulidwa mayina a madokotala awiri a ku Germany, Creutzfeldt ndi Jakob. Pa odwala 100 alionse, pafupifupi 85 matendawa amangowayamba okha popanda kudya kanthu kapena kutengera kwa wina, makamaka atapitirira zaka 60. Amagwira munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 1 miliyoni chaka chilichonse. Odwala ena 10 mpaka 15 pa 100 amatengera ku mtundu. Otsala ochepawo ndi amene anawatenga kunja kwa thupi lawo: podya nyama ya ng'ombe ya BSE, amene amatchedwa vCJD, podya ubongo wa munthu, amene ndi kuru, kapena kudzera m'zipangizo ndi mankhwala a kuchipatala.

Nanga ng'ombe yodya udzu inawatenga bwanji?

Inadyetsedwa ng'ombe inzake. Ku Britain, zotsala za m'malo ophera nyama, monga mitu, mafupa, matumbo ndi ziweto zofa zokha, ankazisonkhanitsa, kuziphika m'mafakitale, kuziumitsa ndi kuzigaya kukhala ufa wa nyama ndi mafupa. Ufawo ankausakaniza m'chakudya cha ana a ng'ombe ndi cha ng'ombe zamkaka kuti zikule msanga ndi kutulutsa mkaka wambiri. Kutentha kwa m'mafakitalewo kunkapha mabakiteriya onse koma ma prion ankapulumuka. Ng'ombe imodzi yodwala ikalowa mu mphikawo, ufa wake unkagawidwa m'makola ambiri. Zodwala za m'makola amenewo nazo zinkabwerera mu mphika womwewo.

Matendawa anadziwika mu Novembala 1986. Mu Julayi 1988 boma linaletsa kudyetsa ng'ombe ndi nkhosa ufa wochokera ku nyama zobzikula, koma chiwerengero chinapitirira kukwera mpaka 1992, pamene ng'ombe zoposa 37,000 zinapezeka nawo m'chaka chimodzi. Chifukwa chake n'chakuti ng'ombe imatenga matendawa ili thole, n'kukhala zaka 4 mpaka 6 ikuoneka yathanzi, ikudya bwino, ikukamidwa. Zonse pamodzi, ng'ombe zoposa 180,000 zinatsimikizika kuti zinadwala, ndipo zoposa 4 miliyoni zinaphedwa pofuna kuthetsa mliriwo.

Pali phunziro lina limene limatikhudza kwambiri ife. Lamulo la 1988 litakhazikitsidwa, ng'ombe zina zobadwa pambuyo pake zinadwalabe. Ufa wa nyama unali wololedwabe m'chakudya cha nkhumba ndi nkhuku, ndipo chigayo chimodzi, galimoto imodzi ndi nkhokwe imodzi zinkagwiritsidwa ntchito pa zakudya zonsezi. Fumbi lotsalira linali lokwanira. Pa kafukufuku wa ku Britain komweko, ubongo wodwala wochepera kwambiri galamu imodzi unadwalitsa thole. N'chifukwa chake mu 1996 analetseratu ufawu kwa ziweto zonse za pafamu.

Pa 20 Malichi 1996 boma la Britain linalengeza kuti pali mtundu watsopano wa CJD mwa achinyamata, wogwirizana ndi BSE. Anthu 178 anamwalira nawo m'dzikolo, ndipo padziko lonse ndi oposa 230 pang'ono. Theka la iwo anali asanafike zaka 30.

Ndi ziwalo ziti za ng'ombe zimene zili zoopsa?

Ma prion samwazikana mofanana m'thupi lonse. Amadzaza mu ubongo ndi mu mtsempha woyera wofewa uja umadutsa m'kati mwa fupa la msana kuchokera kumutu mpaka kumchira. Ziwirizi ndizo zimanyamula pafupifupi chiopsezo chonse. Zotsatira zake ndi maso, timfundo ta mitsempha tokhala m'mbali mwa fupa la msana, ma tonsils a kukhosi, ndi chigawo chomaliza cha matumbo aang'ono, pamene ma prion amayamba kukhala akangolowa ndi chakudya. M'mayiko amene munagwa BSE, ziwalo izi amazichotsa pophera pomwepo, kuzipaka utoto kuti wina asazigulitse, n'kukaziwotcha. Amasamala kwambiri ng'ombe zopitirira miyezi 30, chifukwa ma prion amachuluka mu ubongo chiweto chikamakula.

Mnofu weniweni, chiwindi ndi mtima zili ndi chiopsezo chochepa kwambiri, pokhapokha zitapakika ubongo kapena mtsempha wa m'msana podula. Akatswiri ambiri amaona kuti anthu a ku Britain anadwala makamaka chifukwa cha nyama yotsika mtengo yopalidwa pa mafupa a msana ndi makina, yomwe inkalowa m'masoseji ndi mu nyama yogayagaya. Musasokoneze mtsempha wa m'msana ndi mafuta a m'kati mwa mafupa a miyendo. Mang'ina ndi mafuta a m'fupa la mwendo sali m'gulu la ziwalo zoopsazi.

Ndikaiphika mpaka kufewa, kapena kuikazinga pachiwaya, si ndiye kuti zonse zafa?

Ili ndi funso limene timafuna aliyense alimvetse. Moto wa kukhitchini umapha mabakiteriya, mavairasi ndi mazira a nyongolotsi chifukwa zimenezo ndi zamoyo. Prion ilibe moyo woti muuchotse. Madzi owira amafika madigiri 100 basi, ngakhale mutawiritsa tsiku lonse. Mafuta a pachiwaya amatentha kuposa apo, koma m'kati mwa nthuli simupitirira kutentha kwa madzi owira. Kuwamba, kufutsa, kuthira mchere, kuumitsa padzuwa ndi kuika mufiriji sikusintha kanthu.

Kuchipatala, zipangizo zokhudza ubongo wa wodwala CJD amaziwotcha pa madigiri 1,000 ngati n'zotheka kuzitaya. Zosatayika amaziviika kwa ola lathunthu mu caustic soda wa magalamu 40 pa lita imodzi ya madzi kenaka n'kuziphika mu makina a nthunzi, kapena amaziika mu makina a nthunzi pa madigiri 134 kwa mphindi 18. Spirit ndi mankhwala oumitsira mitembo m'malo mowononga ma prion amawamatirira pachitsulo. Ndiye chitetezo chili m'khola ndi pophera. Nyama ikafika mu mphika, nthawi yodziteteza yadutsa kale.

Mkaka umene timapereka ku bulking group ungafalitse matendawa?

Ayi. Mkaka wa ng'ombe unayezedwa kwambiri pa nthawi ya mliri ndipo sunapezeke kuti umafalitsa BSE. Umuna wa ng'ombe wobereketsera ndi zikopa nazonso zimaonedwa kuti n'zosaopsa. Pitirizani kuwiritsa mkaka, koma chifukwa chake ndi TB ya ng'ombe ndi brucellosis, matenda otayitsa ng'ombe bere amene amagwiranso anthu. Mkaka wa ng'ombe imene yasintha khalidwe kapena ikudzandira usapite m'chigubu.

Ife timakonda mutu wa mbuzi ndi ubongo wake. Tisiye?

Scrapie akhalapo zaka pafupifupi 300 m'mayiko odya nkhosa kwambiri, ndipo sanasonyezedwepo kuti amadwalitsa munthu. Choncho mutu wa mbuzi imene inali yathanzi, yoyenda bwino, yoonedwa ndi woyeza nyama, si chinthu choti muchite nacho mantha. Malangizo athu ndi awa: ubongo ndi maso a mbuzi kapena nkhosa imene inkazungulirazungulira, kudzikhula pamitengo mpaka ubweya kusosoka, kunjenjemera mutu kapena kuwonda ikudya bwino, zisadyedwe ndi munthu, ndiponso zisaponyeredwe agalu.

Za agaluzi tikunena dala. Mbuzi yozungulira kuno kawirikawiri imakhala ndi thumba la madzi mu ubongo, lomwe ndi mwana wa nyongolotsi ya m'mimba mwa galu. Galu akadya mutuwo nyongolotsi imakula mwa iye, mazira amatuluka ndi chimbudzi chake pa udzu, ndipo mbuzi zina zimadya. Mutu wotero ukwiriridwe mozama.

Pakati pa nkhosa ndi mbuzi, scrapie amafala makamaka pobereka, kudzera mu nsengwa ndi madzi otuluka ndi mwana, ndipo amatha kukhala m'dothi la khola zaka zambiri. Nsengwa muichotse msanga mutavala pulasitiki m'manja, muikwirire, ndipo zinyalala zonyowa za pamalopo muzitenthe.

Nanga nkhumba, nkhuku, nsomba, mbewa ndi nyama zakutchire?

Nkhumba ndi nkhuku za ku Britain zinadya ufa womwe uja kwa zaka zambiri koma sizinadwale BSE. Nsomba ndi mbewa zakutchire sizinapezekepo zikufalitsa matendawa kwa anthu. Amphaka ndiwo anadwala, kuyambira mu 1990. Ndipo m'malo osungira nyama ku England, nyala ndi ngoma, nyama zomwe timaziona ku Lengwe ndi ku Majete, zinafa ndi matendawa chifukwa zinkapatsidwa chakudya cha m'matumba chokhala ndi ufa wa nyama. Zinawatengera m'chodyera, osati kutchire.

Pa nkhumba, choopsa chenicheni kwa ubongo wa munthu kuno ndi nyongolotsi imene imaoneka ngati timatuza toyera mu mnofu ndi pansi pa lilime. Munthu akadya nyama yotero yosapsa bwino nyongolotsi imakula m'mimba mwake, ndipo mazira ake akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja kapena m'madzi akuda amakapanga timatuza mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Imeneyo ndiye moto umaipha.

Ng'ombe yanga yayamba kudzandira ndi kulusa. Ndi BSE? Ndichite chiyani?

BSE imayenda pang'onopang'ono, milungu mpaka miyezi. Ng'ombe yaikulu, kawirikawiri ya zaka 4 kupita m'tsogolo, imayamba mantha, kudzidzimuka ndi phokoso kapena kuwala, kuponya mateche poikama, kukana kulowa pakhomo la khola, miyendo yakumbuyo kugwedera, mkaka kuchepa ndi kuwonda ikudyabe. Thupi silitentha.

Koma ku Thyolo kuno, ng'ombe yotere muiganizire chiwewe poyamba. Ya chiwewe imalira mosalekeza ndi mawu osasa, imachucha dovu, imakanika kumeza, imadzikakamiza ngati ikufuna kuchita chimbudzi, ndipo imafa pasanathe sabata imodzi kapena masiku 10. Ngozi yaikulu imachitika apa: mwini wake amaganiza kuti yatsamwa chitsononkho kapena mango, n'kupisa dzanja lake kukhosi, dzanja lokhala ndi timabala ta nsenjere. Musatero.

Matenda ena ofanana nawo ndi ochizika. Heartwater, wobwera ndi nkhupakupa, amatenthetsa thupi kupitirira madigiri 40 pamene ng'ombe yabwino imakhala pa 38 mpaka 39, ndipo jakisoni wa oxytetracycline akabayidwa msanga amapulumutsa. Ng'ombe imene yagwa m'masiku atatu itangobereka, makutu ali ozizira, mutu itaupindira kunthiti, nthawi zambiri yasowa calcium ndipo imadzuka ikapatsidwa mankhwala ake. Palinso poizoni wa dibi wosakanizidwa mopyola muyeso.

Chochita ndi chimodzi pa zonsezi. Ipatuleni pa zinzake, muimange mwa patali, ana asayandikire. Siyani kugulitsa ndi kumwa mkaka wake. Itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo mumuuze zaka zake, tsiku limene inabereka, chakudya chimene mwakhala mukuipatsa, ngati inalumidwapo ndi galu, ndi tsiku limene zizindikiro zinayamba. Ikafa, musaisende ndipo musaswe mutu. A zaziweto ndi amene amadula mutu ndi kuutumiza ku labotale uli wozizira, popeza chiwewe ndi BSE yomwe zimatsimikizika poyeza ubongo.

Ng'ombe ndi ndalama zambiri. Kodi kuipha isanafe n'kugulitsa nyama motchipa n'kulakwa?

Tikudziwa kuwawa kwake. Ng'ombe yamkaka imodzi ndi fizi ya ana, feteleza ndi ngongole ya kugulu. Koma chizolowezi chothamangira mpeni ng'ombe ikagona, n'kugawa nyama pangongole m'mudzi, ndicho khomo limene matenda onse oopsa a ziweto amalowera mwa anthu. M'mayiko amene anayeza ng'ombe zambiri, BSE inkapezeka kwambiri mwa zogona ndi zofa zokha kusiyana ndi zopita kophera zikuyenda. Chiwewe chimagwira wosenda. Anthrax, amene anapha mvuu ku Liwonde mu 2018, amagwira wosenda, wonyamula ndi wakudya yemwe. Chiweto chofa mwadzidzidzi, chotupa msanga, chotuluka magazi akuda osaundana m'mphuno ndi kumatako, chisatumbulidwe n'komwe, chifukwa zimenezi ndi zizindikiro za anthrax. Chikwiriridwe dzenje la mamita awiri, kutali ndi chitsime ndi mtsinje, kapena chitenthedwe chonse.

Ogula nanunso muli ndi mbali yanu. Nyama yotchipa modabwitsa, yobwera m'thumba madzulo, yopanda chidindo cha woyeza nyama, funsani kuti chiwetocho chinafa bwanji.

Ndimasakaniza ndekha chakudya cha ng'ombe. Ndipewe chiyani?

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zisadye chilichonse chochokera ku nyama ya chiweto china: ufa wa nyama ndi mafupa, mafupa otentha n'kusinja pakhomo, zotsala za kubutchala, kapena makombo a kumalo odyera okhala ndi nyama. Madeya, soya wokazinga, zotsala pofinya mafuta a mpendadzuwa kapena thonje, masamba a nandolo ndi lukina zimapereka puloteni yokwanira popanda chiopsezo chimenechi.

Chakudya cha nkhuku ndi cha nkhumba chisapite kwa ng'ombe ngakhale dairy mash atasowa, chifukwa zakudya zimenezo zimatha kukhala ndi ufa wa nyama. Werengani chikalata cha pathumba. Thumba lopanda chikalata, lopimidwa pamsika, simungadziwe zili m'katimo. Matumba, mabeseni ndi fosholo za ng'ombe zikhale zakezake. Ngati mumagayitsa ku chigayo chomwe ena amagayitsa chakudya cha nkhumba, yambani mwadutsitsa madeya pang'ono n'kuwapereka kwa nkhuku, kenaka mugaye za ng'ombe.

Alimi ena amadyetsa ng'ombe zitosi za nkhuku za m'khola. Sitikulimbikitsa. M'zitosimo mumakhala chakudya cha nkhuku chotayikira, ndipo nkhuku yofa ikawoleramo imabweretsa poizoni wa botulism amene amapuwalitsa ng'ombe zingapo nthawi imodzi. Ng'ombe imene ikutola mafupa n'kumatafuna ikusowa phosphorus. Igulireni mchere wonyambita wa ziweto ndipo mutole mafupa onse pamalo odyetsera.

Opha nyama asamale chiyani podula?

Chiweto chionedwe chili chamoyo, chikuyenda. Chikafa, mutu udulidwe n'kuikidwa pawokha, osati pamwamba pa nyama. Vuto lalikulu limabwera pogawa nyama pakati: chikwanje kapena nkhwangwa ikamadutsa m'fupa la msana imaphwanya mtsempha woyera uja n'kuuwaza pa mnofu, pa chipika ndi pa zovala. Mukagawa, sololani mtsemphawo wonse ndi kampeni kake kapadera, kuchokera kukhosi mpaka kumchira, musanayambe kudula nthuli. Mutu uswedwe pomalizira, pa chipika china. Chipika cha mtengo chokhala ndi ming'alu chimasunga zonse zimene zadulidwapo, choncho chizipalidwa pamwamba kawirikawiri ndipo chikang'ambika kwambiri chisinthidwe.

Ngati mwazindikira mochedwa kuti chiweto chinali ndi zizindikiro za ubongo, nyamayo isagulitsidwe, chipikacho chitenthedwe, ndipo mipeni itsukidwe kaye kenaka iviikidwe ola limodzi m'madzi a klorini wa 2 peresenti. Ngati botolo la Jik lalembedwa 3.5 peresenti, sakanizani makapu 4 a Jik ndi makapu 3 a madzi. Madziwa amadya chitsulo ndi khungu, ndiye valani magolovesi, chitirani panja, ndipo mutsukuluze bwino pomaliza.

Kuru ndi chiyani, ndipo n'zoona kuti anthu ankadya anzawo?

N'zoona, koma sizinali zankhanza kapena zamatsenga. Anthu a mtundu wa Fore, kumapiri a Papua New Guinea, anali ndi mwambo wa maliro wodya thupi la m'bale wawo pomulemekeza. Amayi ndi ana ndi amene ankakonza thupilo ndi kudya ubongo, ndipo ndiwo ankadwala kwambiri. Wodwala ankayamba kunjenjemera ndi kudzandira, kenaka kulephera kuima, kulankhula ndi kumeza, n'kumwalira patatha pafupifupi chaka. Madokotala Vincent Zigas ndi Carleton Gajdusek anawafotokoza mu 1957, ndipo kuyambira pamenepo anthu oposa 2,700 analembedwa kuti anafa nawo. Eni ake ankakhulupirira kuti n'kulodzana, ndipo anthu ena osalakwa anaphedwa powaganizira.

Mwambowo utatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ana obadwa pambuyo pake sanadwalenso, ngakhale oyamwa kwa amayi odwala. Koma ena amene anadya nawo ali ana anadzadwala patapita zaka zoposa 50.

Kodi munthu angawatenge kuchipatala, poikidwa magazi kapena pa opaleshoni?

Zinachitikapo kumayiko ena, m'njira zodziwika bwino. Anthu oposa 200 anadwala CJD chifukwa ali ana anabayidwa mankhwala okulitsa msinkhu opangidwa kuchokera ku kachiwalo ka pansi pa ubongo wa anthu akufa. Mankhwala amenewo anasiyidwa mu 1985 ndipo a masiku ano amapangidwa mufakitale. Enanso oposa 200, ambiri a ku Japan, anadwala ataikidwa kachikopa kokuta ubongo kochokera kwa akufa. Ochepa kwambiri anatengera ku kachikopa koonekera ka patsogolo pa diso koikidwa kuchokera kwa wakufa ndi ku zipangizo za opaleshoni ya ubongo. Pa magazi, anthu atatu ku Britain anadwala vCJD atalandira magazi a anthu amene anadzadwala pambuyo pake, onse asanayambe kusefa maselo oyera m'magazi mu 1999.

Zimenezi zisachititse munthu kukana magazi. Mayi wotaya magazi pobereka kapena mwana wa malungo amene magazi amuthera adzafa lero akawakana, pamene vCJD sanapezekepo kuno. Chofunika n'chakuti banja limene lili ndi mbiri ya CJD linene kwa dokotala munthu asanapereke magazi kapena kupita ku opaleshoni ya mutu, msana kapena maso.

Wodwala amaoneka bwanji? Agogo athu ayamba kuiwala ndi kulankhula zosamveka.

Chizindikiro chachikulu cha CJD ndi liwiro. Munthu amene pa Khirisimasi ankalima yekha, pofika nthawi yokolola sakudziwanso ana ake, akudzandira, manja ndi miyendo zikudumpha zokha makamaka akadzidzimuka, maso sakuona bwino, kenaka amangogona osalankhula. Ambiri amamwalira chaka chisanathe. Wa vCJD amakhala wachinyamata, ndipo amayamba ndi kukhumudwa, nkhawa ndi ululu wosadziwika m'miyendo kapena kumaso, kudzandira n'kubwera pambuyo. Amadwala pafupifupi miyezi 14.

Kuiwala kwa ukalamba kumayenda zaka, osati milungu. Ndipo munthu wosokonezeka mutu mwamsanga kuno nthawi zambiri ali ndi matenda ochizika: meninjaitisi ya cryptococcus mwa amene ali ndi HIV, TB ya mu ubongo, malungo aakulu, chindoko chakale, shuga wotsika kapena wokwera, sitiroko, mowa, kapena pellagra, amene amabwera ndi zilonda zakuda pakhosi ndi pamanja komanso kutsegula m'mimba mwa anthu odalira chimanga chokha. Pitani nawo msanga ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo. Akaona kuti pakufunika kuunika ubongo adzakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Musakane akafuna kutenga madzi a pamsana, chifukwa ndi amene amasonyeza meninjaitisi.

Tikupempha ndi mtima wonse: nkhalamba yoyenda usiku, yovula zovala kapena yovomera zinthu zimene sinachite, ndi wodwala. Si mfiti. Isamenyedwe, isathamangitsidwe pamudzi.

Tingamusamalire bwanji, nanga pa maliro?

CJD safala pogwirana chanza, kudyera mbale imodzi, kutsokomola, kugona chipinda chimodzi kapena kukhalira limodzi m'banja. Musambitseni, mudyetseni phala lolimbirako pang'onopang'ono atakhala tsonga kuti asatsamwe, mutembenuzeni maola awiri alionse kuti asachite zilonda, ndipo chepetsani phokoso ndi kuwala kwadzidzidzi. Valani magolovesi pogwira magazi ndi zilonda monga mmene mungachitire ndi wodwala aliyense. Malezala ndi singano zake asagwiritsenso ntchito munthu wina.

Akamwalira, osambitsa thupi avale magolovesi. Anthu akhoza kuona nkhope, ndipo adzukulu akumbe manda monga mwa nthawi zonse. Ngati thupi linang'ambidwa mutu kuchipatala pofufuza, lisatsegulidwenso m'pulasitiki yake ndipo lisasambitsidwe kunyumba.

Tinadya kale nyama ya ng'ombe imene inkadzandira. Tikayezetse?

Palibe kuyeza magazi kumene kungauze munthu wathanzi kuti ali ndi prion, ndiponso palibe mankhwala omwa pofuna kutsuka m'thupi. Aliyense wokugulitsani otero akukuberani. Mpata woti ng'ombeyo inali ndi BSE ndi wochepa zedi. Chofunika kuthamangira ndi chiwewe ndi anthrax. Amene anapisa dzanja m'kamwa mwake, amene anasenda, kuswa mutu kapena kugwira nyama yaiwisi ali ndi mabala, atsuke mabalawo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo apite kuchipatala lero lomwe kukafunsa za katemera wa chiwewe, osadikira zizindikiro. Amene watuluka chilonda chosapweteka chakuda pakati, chotupa m'mbali, kapena amene akumva m'mimba kupweteka kwambiri, kusanza ndi kutsegula magazi m'masiku 7 atadya, anene kwa dokotala kuti anagwira kapena kudya nyama ya chiweto chodwala. Nyama yotsala, ngakhale yowamba kale, ikwiriridwe, ndipo mlangizi wa ziweto auzidwe khola limene ng'ombeyo inachokera.